Mabatani a malaya a chitenje: ndisoke ndi makina kapena pamanja?

Mayi wa ku Santhe, Lolemba madzulo:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto. Mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe Loweruka likudzali, ndipo abale tinagwirizana kuti tonse tivale nsalu imodzi. Madiresi a ana ndasoka kale, amenewo sandivuta. Koma bambo a kunyumba anati nawonso akufuna malaya a chitenje chomwecho, ndipo akufuna osokedwa ndi ine. Malaya a mwamuna sindinasokepo chiyambire. Ndinamasula malaya awo akale amene anatha pakolala, ndinawayala pansalu n'kudula motsatira. Thupi ndalumikiza, manja ndalowetsa, kolala yakhala ngakhale inanditengera tsiku lonse. Chatsala ndi mabowo ndi mabatani asanu ndi awiri. Ndinaona pafoni mayi wina akusokerera batani ndi makina, kanthawi kochepa batani lakhala. Ndayesa pa kansalu kotsala, singano ziwiri zathyoka ndipo batani limodzi lasweka pakati. Ndikulakwitsa pati?

Telala wa pa Chinkhoma:
Taswera bwino amayi. Tisanapite patali, makina anuwo ndi amtundu wanji? Opalasa ndi mapazi kapena amagetsi?

Mayi wa ku Santhe:
Ndi Butterfly akuda aja, opalasa. Anandisiyira malemu mayi anga. Amasoka bwino kwambiri, sanandigwiritsepo mwala.

Telala wa pa Chinkhoma:
Ndiye vuto lapezeka, ndipo si manja anu ayi. Makina akuda amenewa, kaya Butterfly kaya Singer akale, singano yake imatsika ndi kukwera pamalo amodzimodzi, sipita kumanzere kapena kumanja. Pomwe kuti batani ligwire, singano iyenera kulowa bowo ili, ituluke, ilowe linalo, ibwererenso. Zimenezo zimatheka ndi makina okhala ndi zigizagi basi, msoko wokhotakhota uja, ndipo mayi munamuona pafoniyo anali ndi otere. Nanga inu munkachita bwanji kuti singano ipeze bowo lachiwiri?

Mayi wa ku Santhe:
Singano ikakwera ndinkasuntha nsalu pamodzi ndi batani ndi zala.

Telala wa pa Chinkhoma:
Chonde musachitenso. Singano ikagunda batani imaduka mwamphamvu, kachidutswa kake kamatha kuulukira m'diso. Ikagunda kangapo imathanso kusokoneza kakumanidwe ka singano ndi kachitsulo kokola ulusi kapansi kaja, makina n'kuyamba kudumphitsa msoko. Tsegulani pomwe pamakhala bobini, kokulungapo ulusi wapansi kaja, muone ngati zidutswa za singano sizinagweremo, muthire kadontho ka mafuta musanapalasenso.

Agogo a pa Kasungu boma:
Akulemba ndi mdzukulu wanga, ine ndikungoyankhula. Mwana wanga, ndakhala ndi makina pakhonde la sitolo kuyambira ndili mnyamata mpaka maso anayamba kutopa, ndipo batani la malaya sindinaliikepo ndi makina. Tenga singano ya pamanja, ulusi uupinde pawiri, uukhuze pa kandulo kuti usamapotane. Mabatani asanu ndi awiri utha kumaliza madzi a nsima asanawire kawiri. Koma chimene ndikufuna umvetse ndi ichi: batani lisagone pansalu. Liyenera kukhala ndi khosi. Munthu akamanga malaya, pakati pa batani ndi nsalu imene lasokereredwapo pamalowa nsalu ina, ya mbali ya mabowo ija. Ngati sunaisiyire malo, idzadzipezera yokha malowo pokoka ulusi wako tsiku ndi tsiku, mpaka ulusi uduke kapena nsalu ing'ambike pansi pa batani. Ndiye ugoneke mtengo wa machesi pamwamba pa batani, usoke ulusi ukudutsa pamwamba pa mtengowo. Ukatha uusolole, ukokere batani m'mwamba, ulusi wotsala uukulunge pansi pa batani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako ulowetse singano kuseri umange. Batani lotere malaya amatha ilo likadalipo.

Mtsikana wa ku Mtunthama:
Agogo, zonse mwanenazi ndi zoona, ndipo ifenso kusukulu ya ntchito zamanja anayamba kutiphunzitsa zapamanja tisanakhudze makina. Koma ndipempheko kuti tisawatsekere njira amayiwa. Afunsa za makina, ndipo tsiku lina adzalandira ntchito ya mayunifolomu a ana a sukulu, malaya makumi atatu pa sabata imodzi sukulu zikamatsegulira. Pamenepo zala zokha sizikwanitsa. Amayi, kodi pafupi nanu palibe amene ali ndi makina amagetsi?

Mayi wa ku Santhe:
Alamu anga pamsika ali nawo, oyera, ali ndi chopotokola chojambulidwa timizere tokhotakhota. Anagula ku Lilongwe, ogwirapo kale ntchito. Iwo amangosokera makatani ndi mapilo.

Mtsikana wa ku Mtunthama:
Amenewo ndi omwewo. Timizere tokhotakhotato ndi zigizagi imene akunena atelala. Mvetserani bwino, ndilemba zonse kuti mukakhala pamakinapo muzingowerenga.

Choyamba ndi mano okoka nsalu aja, amene ali pansi pa phazi la makina, kachitsulo kopana nsalu kaja. Posoka batani nsalu siyenera kuyenda, choncho manowo ayenera kugona. Makina ena ali ndi kotsitsira mano kuseri kapena pafupi ndi bobini. Ena amabwera ndi kapulasitiki kovundikira manowo, mufunse alamu anu ngati kali m'kabokosi ka zipangizo. Zonsezi zikasowa, ikani chopotokola cha kutalika kwa msoko pa 0, mano aziyenda koma osapititsa nsalu patsogolo.

Kenako phazi. Pali phazi lapadera la mabatani, lalifupi, lotsegula kutsogolo, nthawi zambiri limakhala ndi kamphira kogwirira. Likakhala palibe, gululani phazi lokhalo, musiye chitsulo chimene limakolekedwapo, chimenecho chimatha kupana batani. Ine ndimayamba ndamata batani pansalu ndi selotepi kuti lisaterereke, singano imaboola selotepiyo popanda vuto, pomaliza ndimangoimatula.

Tsopano apa ndi pamene singano zimathyokera, ndiye mudekhe. Musaponde chopondera magetsi. Sankhani zigizagi, muzungulitse gudumu la kudzanja lamanja ndi dzanja, nthawi zonse molozetsa kwa inu, pang'onopang'ono, mpaka singano itsike pakati penipeni pa bowo lakumanzere. Tsitsani phazi. Zungulitsaninso mpaka singano ikwere, ipite kumanja, iyambe kutsika, ndipo muimitse isanakhudze batani. Yang'anani: kodi yaloza pakati pa bowo lachiwiri? Ngati ayi, sinthani kukula kwa zigizagi mpaka ilozemo. Pa mabatani a malaya kawirikawiri zimakhala pa 3 kapena 4, koma musadalire nambala, dalirani maso. Zungulitsani ndi dzanja kawiri katatu, singano ikamalowa mabowo onse osakhudza m'mbali, ndiye pondani pang'ono, ilowe kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Batani la mabowo anayi mumayamba awiri akutsogolo, kenako mukweze phazi, musunthe pang'ono, musoke awiri otsalawo.

Mtengo wa machesi wa agogo uja umagwiranso ntchito pamakina. Ugonekeni pamwamba pa batani, pakati pa mabowo awiriwo, zigizagi izidumpha pamwamba pake.

Agogo a pa Kasungu boma:
Nanga khosi alikulunga ndani? Makinawo?

Mtsikana wa ku Mtunthama:
Ayi agogo, pamenepo mwandigwira. Makina amangosiya ulusi wotakasuka, kukulunga ndi kwa manja. Amayi, mukatha musadule ulusi pafupi. Siyani michira yaitali, masentimita 15 kapena kuposa. Mchira wapamwamba muulowetse m'singano ya pamanja, muutsitse pabowo la batani utulukire pakati pa batani ndi nsalu, mukulunge monga anenera agogo, muulowetse kuseri n'kumanga pamodzi ndi ulusi wa bobini. Mukadula osamanga, batani lidzachoka pa kuchapa koyamba.

Agogo a pa Kasungu boma:
Ndiye singano ya pamanja sitinaithawe. Chabwino, pamenepo tagwirizana.

Telala wa pa Chinkhoma:
Ndilowererepo, chifukwa tonse tathamangira mabatani pomwe amayiwa anati mabowo nawo sanasoke. Amayi, batani ndi lomaliza. Muyambe mabowo, kenako mugoneke malaya pathebulo, mbali ya mabowo pamwamba pa inzake monga adzakhalire pathupi, mupane ndi mapini, ndiye mulembe ndi choko kudzera m'bowo lililonse, pang'ono pansi pa nsonga yake yapamwamba. Pamenepo ndi pokhala batani. Mukayamba ndi mabatani n'kumatsatira ndi mabowo, kusiyana kwa mamilimita awiri okha kumachititsa malaya kutukumuka pamimba.

Ndipo musasokoneze mbali. Malaya a mwamuna mabowo amakhala kumanzere kwa wovalayo, mabatani kumanja. Bulauzi ya mayi ndi mosemphana. Popeza mwazolowera za ana aakazi, dzanja lidzafuna kupita kumene linazolowera.

Mayi wa ku Santhe:
Atelala mwandipulumutsa. Ndinali nditalemba kale choko kumanja ngati bulauzi. Mwamwayi sindinadule. Zoonadi safunsa anadya phula. Nanga mabowowo atalike bwanji, ndipo atalikirane bwanji?

Telala wa pa Chinkhoma:
Yezani batani ndi tepi. La malaya limakhala pafupifupi mamilimita 11 kapena 12. Bowo litalike kuposa pamenepo ndi mamilimita awiri kapena atatu, kuti makulidwe a batani adutse. Mabowo a pachifuwa amaima choongoka kutsata kutalika kwa malaya, koma la pakhosi, pa kamzere kamene kolala imakhalapo, limagona chopingasa chifukwa pamenepo nsalu imakokeka cham'mbali.

Za kutalikirana, malaya a m'sitolo amakhala masentimita 8 kapena 9, koma inu muli ndi mwayi umene fakitale ilibe: mwini malaya ali pakhomo. Avalitseni, akhale pampando, muone pamene chifuwa kapena mimba yatuluka kwambiri. Pamenepo pakhale batani ndithu. Ena onse muwagawe kuchokera pamenepo kukwera ndi kutsika. Malaya amene amayasama munthu akakhala pansi ndi amene batani linaphonya malo amenewa.

Podula bowo, ndikudziwa tonse timagwiritsa lezala. Lasani pini chopingasa kumapeto kwa bowo, lezala likafika pamenepo liime. Ndinaonongapo malaya a kasitomala pa bowo lomaliza, lezala linapitirira mpaka kudula ulusi wotseka, ndipo ndinagula nsalu ina ndi ndalama zanga. Kuyambira tsiku limenelo pini sindiiwala.

Mayi wa ku Kamwendo:
Moni kuchokera ku Mchinji. Ine funso langa ndi la nsalu. Achemwali, chitenjecho munachapa musanadule? Ife kuno timagula zambiri zochokera ku Chipata, zina zimabwera zouma gwa ndi mankhwala olimbitsa, ukachapa zimafewa n'kubwerera. Cha thonje chenicheni, ngakhale cha ku Blantyre kwa Mapeto, chimabwererako ndithu pa kuchapa koyamba. Ukasoka usanachape, kolala imadzathina.

Mayi wa ku Santhe:
Chimenecho ndinachita achemwali, mayi anga anandiphunzitsa ndili wamng'ono. Ndinachinyika usiku wonse, ndinayanika pamthunzi, ndinasita. Chimene chinandivuta ndi maluwa. Chitenjechi chili ndi zozungulira zikuluzikulu, ndiye ndinafuna kuti malaya akamangidwa chozungulira cha pachifuwa chikumane, theka uku theka uku. Mamita awiri sanakwane, ndinatenga china pa nsalu imene ndinasungira mpango wanga.

Mayi wa ku Kamwendo:
Ndiye mwachita zimene matelala ambiri amazemba chifukwa zimadya nsalu. Pamenepo mawu a atelala a pa Chinkhoma akulemera kawiri. Popana mbali ziwirizo ndi mapini, yambani kukumanitsa maluwawo, kenako muone kumunsi ngati kwalingana. Batani likatsika pang'ono pokha, chozungulira chanu chidzaoneka chothyoka.

Telala wa pa Chinkhoma:
Funso lina amayi. Pamzere wa kutsogolo pamene padzakhale mabatani, munaikamo kansalu kolimbitsa kaja, komata ndi simbi?

Mayi wa ku Santhe:
Ndinaika m'kolala mokha. Kutsogolo ndinangopinda kawiri. Ndimasule?

Telala wa pa Chinkhoma:
Ngati munapinda kawiri ndiye pali nsalu zitatu, pa chitenje zimakwana. Musamasule. Koma poyesera bowo ndi batani pa kansalu kotsala, kapindeninso kawiri chimodzimodzi, chifukwa makina amasoka mosiyana pa nsalu imodzi ndi pa zitatu. Singano ikhale nambala 14, yatsopano. Ulusi ukhale wa poliyesitala, osati wakale umene wakhala padzuwa pawindo. Ukokeni ndi manja, ukaduka msanga usiyeni.

Mphunzitsi wa ku Chamama:
Ine kusoka sindidziwa, ndimangovala, koma ndatsatira zonse. Chiyambire 2016 pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi n'kulimbikitsa kuti Lachisanu tizivala zosokedwa konkuno, ndasoketsa malaya a chitenje angapo, ndipo mabatani ake sanachokepo. Koma malaya oyera ogula m'sitolo, ukangokoka kaulusi kamodzi kolendewera, ulusi wonse umasololoka, batani n'kugwa. Ngati nawonso anaikidwa ndi makina, amayiwa sakumana nazo zomwezi?

Telala wa pa Chinkhoma:
Funso labwino aphunzitsi. Ndi makina osiyana. M'mafakitale muli makina a mabatani okhaokha, monga ena a Juki, amene amagwiritsa ulusi umodzi wopanda bobini. Ulusiwo umadzikola wokha ngati unyolo, ngati mmene amasokera kukamwa kwa thumba la feteleza. Mukagwira nsonga yoyenera n'kukoka, wonse umamasuka. Makina a pakhomo ali ndi ulusi uwiri, wapamwamba ndi wa bobini, umene umakolana pakati pa nsalu, choncho sumasuka chotero. Chofunika ndi mfundo yomaliza ija basi. Inuyo mukaona kaulusi kolendewera pa malaya a m'sitolo musakoke, kalowetseni kuseri ndi singano mumange.

Mnyamata wa kaunjika wa pa Nkhamenya:
Amayi, mabatani mwagula otani? Ndikufunsa chifukwa mwati limodzi lasweka pakati. Ena a m'mapaketi otchipa ndi ofewa, simbi ya makala ikangowakhudza amapindika kapena kusungunuka. M'belo iliyonse mumatsala malaya ong'ambika amene palibe amagula. Ine ndimachotsa mabatani ake n'kusunga m'botolo, ndipo matelala a pano amabwera kudzasankha. Malaya amodzi amakupatsani mabatani ofanana asanu ndi awiri kapena kuposa, ena ndi apadera osokereredwa mkati. Yang'anani pa tsiku la msika kwanuko.

Mayi wa ku Santhe:
Achimwene mwandikumbutsa. Malaya akale a bambo aja, amene ndinamasula, mabatani ake ndinawasunga m'kachitini. Ndi akuda, a mabowo anayi, olimba, ndipo akugwirizana ndi mtundu wa chitenjechi kuposa amene ndinagula. Alipo asanu ndi atatu.

Agogo a pa Kasungu boma:
Gwiritsa amenewo. Apirira kale zaka ndi sopo ndi simbi, ukuwadziwa. Batani lachisanu ndi chitatulo usataye, ulisokerere mkati mwa malaya, pamsoko wa m'mbali cha kumunsi. Tsiku lina likadzatayika lina, lofanana nalo lidzakhala pomwepo.

Mayi wa ku Santhe, Lachinayi usiku:
Ndabwera kudzanena mmene zayendera. Dzulo ndinapita kwa alamu ndi malaya ndi kansalu koyesera. Kovundikira mano tinakapeza m'kabokosi, kanali kasanatulutsidwemo m'pepala lake. Phazi la mabatani panalibe, ndinagulula phazi monga ananenera achemwali a ku Mtunthama, ndinamata ndi selotepi. Mabowo ndinayesera kanayi pa kansalu ndisanakhudze malaya. Awiri oyamba ulusi unkaunjikana malo amodzi chifukwa ndinafupikitsa msoko mopitirira, nditaonjezera pang'ono zinayenda. Pini ya atelala ndinaika pa bowo lililonse.

Pa mabatani zigizagi inakwana pakati pa 3 ndi 4. Singano sinathyoke ngakhale imodzi. Nditasoka anayi magetsi anazima, ndipo ndinazindikira kuti sindikuwafuna n'komwe, awiri otsalawo ndinamaliza pozungulitsa gudumu ndi dzanja pafupi ndi windo. La pakhosi makina anakana, pamenepo nsalu ndi yochindikala ndipo malo ndi ochepa, batani linkapendekeka. Limenelo ndinasoka pamanja ndi ulusi wokhuza pa kandulo.

Limodzi ndinadula michira ndisanamange. Nditalikoka kuti ndione, linayamba kugwedera, ndinalichotsa n'kuyambiranso.

Mtsikana wa ku Mtunthama:
Mwachita bwino kulikoka pomwepo. La pakhosi nanenso ndimasoka pamanja, ndinaiwala kukuuzani. Tsopano muchotse kovundikira mano kaja ndipo mubwezere kutalika kwa msoko, alamu anu angadabwe kuti makina asiya kukoka nsalu.

Mayi wa ku Santhe:
Ndinabwezera zonse tisanasiyane, ndipo ndawaonetsa mmene zimachitikira. Akuti ayesera pa mapilo awo.

Agogo a pa Kasungu boma:
Khosi unaika pa onse?

Mayi wa ku Santhe:
Pa onse asanu ndi awiri agogo, ndinakulunga kasanu ndi kamodzi. Bambo ayesa madzulo ano, anakhala pampando n'kuwerama ngati akumanga nsapato, palibe pamene payasama, ndipo chozungulira cha pachifuwa chakumana. Lapadera lija lili mkati pamsoko wakumanzere.

Mayi wa ku Kamwendo:
Posita mawa mutembenuze malaya, musite kuseri, mzere wa mabatani muugoneke pa thaulo lopinda kuti mabatani amire m'menemo. Simbi idzadutsa bwino osawakhudza. Ndipo Loweruka mutijambulireko banja lonse mutavala.

Mayi wa ku Santhe:
Ndijambula achemwali. Atelala, mchimwene wa bambo waona malayawa ndipo akufuna ake, koma iye akuti a manja aatali. Chinkhoswe chikadutsa ndibweranso mudzandionetse kadulidwe ka kamng'alu ka pamkono kaja, pamene pamakhala batani laling'ono.

Telala wa pa Chinkhoma:
Mubwere ndi malaya ake akale a manja aatali, osamasula kaye. Tidzayambira kuyang'ana mmene anapindira pamenepo.